Makiyi a Malemu Edmund

South C, Nairobi
Ogasiti 2006

Kwa Olemekezeka Wapampando,
Bungwe la Nyumba la Paa Moja,
Lavington.

Bwana Wapampando,

Ndagwada, chipewa chili m'manja. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Lavington, kumene ngakhale agalu amauwa motsitsa mawu? Ife kuno ku South C tadzuka bwino, kungoti madzi ndiwo sanadzuke kumpopi, koma imeneyo si nkhani yoti n'kutopetsa nayo munthu wamkulu.

Dzina langa ndine Jobe Chimphonda. Mwina simungalikumbuke, poti anthu amene mumagwirana nawo chanza ndi ambiri. Ndine wadazi uja amene amaimirira mapemphero akatha n'kunena kuti, "Abale, tili ndi uthenga wachisoni." Masana ndimasoka mabuku a nyimbo kumalo osindikizira a mpingo, ndipo kuyambira 1997 ndine mlembi wa komiti ya maliro ya ife Amalawi okhala mu Nairobi. Ndalemba m'Chichewa mwadala. Akalaliki a mu ofesi yanu ndi eni dziko lino, ana aulemu, ndipo si bwino kuti amve mmene timayamikirana pachibale. Komanso ndikudziwa kuti Chichewa simunachiiwale. Ndinakumvani mukuchiyankhula pa maliro a Gresham Kaliwo, mpaka amayi ena amene anali atatonthola kale anayambiranso kulira.

Popeza kalatayi ndiipachikanso pabolodi la kutchalitchi, ndipo ena oiwerenga abwera muno posachedwapa, ndiloleni ndifotokoze zimene inu mukudziwa kale. Mu 1993 mipingo ndi mabungwe amene timagwirako ntchito anagwirizana zomanga nyumba za lendi yotsika za antchito awo ang'onoang'ono: madalaivala, ophika, ochapa, alonda, kaya ndi Mkenya, kaya wa ku Uganda, kaya Mmalawi. Bungwelo analitcha Paa Moja, ndiye kuti denga limodzi. Tinalembetsa mayina tikuimba, ndipo anatiuza kuti tidikire pang'ono. Pang'onopo ana abadwa, akula, ena ayamba kumera ndevu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Chaka chino midadada iwiri yatha kumangidwa ku Utawala, kupitirira Embakasi, kumene mvula ikagwa matope amakuvula nsapato, ndipo makiyi mukupereka Loweruka lomaliza la mwezi uno.

Pakati pa amene analembetsa tsiku loyamba panali a Gresham Kaliwo, dalaivala wa bungwe lina la mpingo, ndi mayi a kunyumba kwawo, a Immaculata, amene amachapa ndi kusita kunyumba ya alendo ya mpingo womwewo. Zaka zonsezi akhala m'kanyumba kakuseri kwa nyumba ya abwana awo, kamene kuno amati esikiyu, ife kwathu timati boizikota, misewu iwiri yokha kuchokera pageti panu. Ana awo awiri anabadwira konkuno. Wamkulu, Sungeni, akuyamba mayeso a Fomu 4 mu Okutobala. A Gresham anatisiya mu Febuluwale. Kanyumba kaja ndi ka dalaivala, ndipo dalaivala watsopano wadikira mokwanira ndi banja lake, choncho mayi Immaculata auzidwa mwaulemu kuti mwezi uno ukamatha akhale atatulutsa katundu. Sanadandaule, chifukwa ankadziwa kuti dzina lawo lili chakumutu kwa mndandanda wanu. Sabata yatha anakwera minibasi, imene kuno amati matatu, kupita kukaona mayina amene mwakhoma pageti la ku Utawala. Anawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba. Lawo panalibe.

Apa ndi pamene kuyamika kwanga kukuyambira, ndipo ndakuika m'manambala kuti mlembi wanu asavutike posunga.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo la miyezi itatu. Lamuloli likuti aliyense wochoka mu Nairobi kupitirira miyezi itatu wasiya kukhala wa mu Nairobi, ndipo dzina lake libwerere kumchira. Ndi lamulo lanzeru. Popanda ilo, anthu akanamachokera ku Kisumu, ku Kampala ngakhale ku Ntcheu kudzalanda nyumba za anthu amene akhala akupuma utsi wa pa Mombasa Road mokhulupirika. Mayi Immaculata anachoka kumapeto kwa Febuluwale n'kubwera kumayambiriro kwa Julayi. Mlandu ndi woonekeratu. Anthu osapita kusukulu akumati, nanga si anaperekeza bokosi la mwamuna wawo? Nanga si ana anatsala konkuno, mapoto anatsala konkuno, ntchito inawadikira? Ine ndimawayankha kuti lamulo silifunsa kuti unapita kukatani. Likanakhala lofunsa, bwenzi lili munthu.

Akalaliki anu sadziwa, koma inu mukudziwa, kuti kwathu mkazi saika mwamuna Lachiwiri n'kukwera ndege Lachitatu. Pali m'meto, palinso kusudzula, pamene akuchimuna amamumasula namfedwa pamaso pa anthu. Asanamumasule, sangangotola chikwama n'kunyamuka. Akatero, mbiri imamutsatira mpaka kumanda kuti imfa ya mwamunayo akuidziwa, ndipo ana ake sadzapondanso pakhomo la kwa bambo awo. Tsono Febuluwale ku Ntcheu ndi mwezi wa njala, ndipo simungaitane mudzi wonse kumwambo nkhokwe ili pululu. Akuluakulu anati tidikire chimanga chiume. Chimanga cha ku Ntcheu, Bwana, n'chamwano, sichinamvepo za lamulo la miyezi itatu. Chinauma pa nthawi yake, anakolola, anafulula mu Juni, ndiyeno anawamasula mayiwo. Chaka chamawa ofesi yanu idzayesetse kudziwitsa minda nthawi ikadalipo.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha malangizo anu. Tsiku limene bokosi la a Gresham linkanyamuka kupita ku bwalo la ndege, munaimirira pabwalo la tchalitchi mutavala suti yakuda, kukuwaza kamvula. Ine ndi amene ndinakugwirirani ambulera, choncho mawu anu sindinachite kuwamva kwa anthu. Munati, "Mayi, musakathamange kubwerera. Mukatsate mwambo wonse, musakatichititse manyazi kuti a ku Nairobi anaiwala za kwawo. Zakuno tisiyireni ife." Mayi Immaculata anagwada pamatope n'kuomba m'manja. Mawu a munthu wamkulu sagwa pansi, ndipo iwo anawatola onse. Sanathamange. Sanatichititse manyazi. Zakuno anakusiyiranidi, ndipo dzanja limene linawagwira paphewa tsiku lija ndi lomwelo limene linasayina kuti dzina lawo lipite kumchira. Anthu ena akuti mwina munaiwala. Ine ndikukana, ndipo ndatsala pang'ono kumenyana nawo: munthu woiwalaiwala sangakhale Wapampando.

Atabwera ku Utawala kuja anafika ku ofesi yanu. Mnyamata wa pakauntala, Kevin, anawalandira bwino, anawapatsa ndi mpando womwe. Anati, "Pole sana, Mama, lakini sheria ni sheria," kutanthauza kuti pepani, koma lamulo ndi lamulo. Atapempha kuonana nanu anauzidwa kuti muli pamsonkhano. Anadikira mpaka msonkhanowo unatulukira khomo lakuseri n'kukwera galimoto. Madzulo ake anafika kwathu, nsapato zili fumbi lokhalokha, ndipo tiyi amene mayi a kunyumba kwanga anawapatsa anazizirira m'manja. Anangoti, "A Jobe, ndikanadziwa ndikanangomuika konkuno. Koma nanga amayi ake ndikanakawauza chiyani?" Funso limeneli ndi la anthu ophunzira, ndipo ndalipereka kwa inu.

Chachitatu, zikomo kuti munasiya khomo la apilo lotsegula. Kevin anafotokoza kuti wodandaula abweretse umboni woti ndi wa mu Nairobi, ndipo umboni wake ndi umodzi: bilu ya madzi kapena ya magetsi yokhala ndi dzina lake. Apa ndiye ndinagoma nanu. Munthu wa ku boizikota alibe mita, magetsi ake amachokera kunyumba yaikulu, ndipo bilu imabwera m'dzina la abwana. Bilu ya dzina lako imabwera ukakhala ndi nyumba. Ndiye kuti wofuna nyumba ayambe wapeza nyumba, akatero abwere adzalembetse. Mayiwo anabwereranso ndi zikalata zobadwira ana, makadi a ubatizo, ndi Sungeni yemwe, mtsikana amene akakwiya amakalipa m'Chiswahili ndipo ku Ntcheu anapitako ali kumsana. Kevin anamuyang'ana mtsikanayo, n'kupepesa kuti mwana si umboni chifukwa alibe chidindo.

Chachinayi ndi chachifupi. Anthu a kaduka akukumbutsana kuti chaka chatha, pamene munapita kukamanga chiliza cha mayi anu, munachoka mu Epulo n'kubwera mu Ogasiti. Ndawafotokozera kuti umenewo unali ulendo wa ntchito, poti munaimako ku Lilongwe pamsonkhano wa tsiku limodzi wokambirana za kusowa kwa nyumba. Ndawauzanso kuti lamulo la miyezi itatu silikukhudzani, chifukwa inu simuli pamndandanda. Nyumba imene bungwe linakupatsani inakudikirani, mlonda akuthirira maluwa. Makolo anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, koma makolowo sanakwerepo galimoto ya magalasi akuda.

Chachisanu ndicho chachikulu, ndipo ndi chimene chandigwiritsa cholembera. Mayi Immaculata atandiuza za dzina lawo, ndinati mwina maso a munthu wolira saona bwino, ndipite ndikadzionere ndekha. Lawo panalibedi. Koma zikomo, Bwana, zikomo kwambiri, kuti dzina loyamba penipeni pageti paja ndi la Mmalawi mnzathu: a Edmund Kachiwanda, mdadada A, nyumba nambala 1, ya zipinda ziwiri, yapansi kuti asavutike ndi masitepe. Nditaliwerenga ndinakhala pamwala. Askari wolondera pageti anandipatsa madzi, kuganiza kuti chandigwetsa ndi chimwemwe.

Obwera kumene sangawadziwe a Edmund. Anali mesenjala wa ofesi ina ya mpingo, wa ku Mchinji, munthu wosakwatira, wokonda wailesi ndi nsapato zopolisha. Analembetsa tsiku limodzi ndi a Gresham, ndipo pamzere anaima kumbuyo kwawo. Anamwalira mu 1997. Nthawi imeneyo tinalibe komiti. Tinaimba mafoni kwawo, tinatumiza telegalamu, tinagogoda m'maofesi, koma zokweza bokosi pandege zinatikanika. Tinawaika kumanda a ku Lang'ata, pakati pa anthu osawadziwa, tili ochepa moti nyimbo inasowa woimba besi. Tsiku limenelo tinachita manyazi kwambiri, ndipo ena mwa ife tinalira chifukwa cha manyaziwo kuposa imfayo. Komiti yathu inabadwira pamanda pomwepo. Tinalumbira kuti Mmalawi wina sadzagonanso kuchilendo, ndipo amene anayamba kukweza dzanja anali a Gresham.

Chaka chomwecho ndinabwera ku ofesi ya Paa Moja ndi chikalata cha imfa kuti dzina la a Edmund lichotsedwe, malo awo apite kwa wina. Kalaliki wa nthawi imeneyo anachiyamikira chikalatacho kuti n'cholembedwa bwino, n'kundiuza kuti dzina amachotsa ndi mwini wake, abwere yekha ndi pasipoti. Uthengawo ndinakaupereka ku Lang'ata. A Edmund sanaonetse changu.

Tsono ndamvetsa mmene ofesi yanu imagwirira ntchito, ndipo ndagwira pakamwa. Chaka ndi chaka mipingo ndi mabungwe amakutumizirani mayina a antchito amene anachokapo nthawi yaitali, inu n'kuwatsitsa. Uyu anapita kukadwazika mayi ake, pansi. Uyu ntchito inamutumiza kumpoto kukagawa chakudya, pansi. Uyu anakaika mwamuna wake, pansi. Mumafunsa za oyenda, za omwalira simufunsa, ndipo dzina la a Edmund silinapezekepo pakati pa oyenda ngakhale kamodzi. Akhala akukwera chaka chilichonse, mwakachetechete, osadandaula, osapereka kangachepe, osatha thalauza pabenchi la ofesi yanu. Kuyambira 1997 sanapondeko ngakhale ku Machakos kwapafupiku. Anthu amanena kuti lamulo lanu palibe angalikwanitse. Tsopano mwawatseka pakamwa: munthu wake wapezeka.

Chimene ife tinachiyesa manyazi, ofesi yanu yachiyesa khalidwe labwino. Tikanawagoneka a Gresham pambali pa a Edmund, bwenzi lero mayi Immaculata akuyeza mawindo a ku Utawala kuti asoke makatani. Ndawauza anzanga a mu komiti kuti mwina tiyambe kulangiza anamfedwa kuti asankhe chimodzi, apongozi kapena denga, pakuti Paa Moja silingaphimbe zonse ziwiri.

Ndiloleni ndivale chipewa kwa kamphindi, poti dazi lazizidwa. Zikundiwawa, Bwana. Ndinapita ku boizikota kuja Lamlungu. Katundu ali m'makatoni, ndipo Sungeni amawerenga atakhalira limodzi la makatoniwo, buku lili pamwendo. Nyumba ya lendi ya m'tauni muno, pa malipiro a munthu wochapa, inu mukudziwa kuti n'zosatheka. Akapanda kupeza denga mwezi uno, abwerera ku Ntcheu, mayeso a mtsikanayu atsala kuno, ndipo zaka zonse zimene bambo ake anadzuka m'mamawa kuyendetsa azibwana kuti iye aphunzire zipita m'madzi. Mayi ameneyu sanabe, sananame, sanadumphe mzere. Anachita zimene mayi anu akanachita, zimene mayi a kunyumba kwanu adzachite tsiku lina, pakuti ine monga mlembi wa maliro ndimadziwa kuti tonse tidzadutsa m'manja mwa komiti, inu nomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsikulo likadzafika tidzakunyamulani ndi ulemu wonse, ndipo ine ndidzafuna kupeza munthu wina woti adzawalangize mayi a kunyumba kwanuwo.

Ndavulanso chipewa, ndipo ndafika pa pempho langa.

Sindikupempha kuti muswe lamulo. Mulungu andileke kutali ndi maganizo otere. A Edmund nyumbayo aipeza mwachilungamo, ndipo aliyense wofuna kuwalanda adzayamba wadutsa pa ine. Ndangokumbukira kuti malamulo anu omwewo amalola mwini nyumba kukhala ndi munthu womusamalira ngati iye sangathe kudzisamalira yekha. Ndikuikira umboni kuti a Edmund sangathe. Pakufunika wina wosesa, wotsegula mawindo, wolandira bilu ya madzi. Komiti yathu inapita ku Lang'ata kukawafunsa ngati angalole kuti mayi Immaculata ndi ana awiriwo alowe m'nyumbamo aziwasungira. Tinawakumbutsa kuti pamzere paja a Gresham anali patsogolo pawo. Tinadikira nthawi ndithu, ndipo sanakane. Kwathu munthu wamkulu akakhala chete ndiye kuti wavomera. Ndi munthu wosavuta kukhala naye, wailesi anasiya, ndipo sadzadandaula kuti mtsikana akuyatsa getsi powerenga.

Choncho ndikupempha, modzichepetsa konse, kuti makiyi a mdadada A, nyumba nambala 1, muwapereke kwa womusamalirayo.

Koma ngati lamulo likuti makiyi amalandira ndi mwini wake pamanja, ndipo ndikukhulupirira kuti likutero, musavutike mtima. Loweruka lopereka makiyi lija muuzeni dalaivala wanu akhotere ku Lang'ata musanapite ku Utawala. Ndidzakudikirani pageti la manda kuti ndikulondolereni, poti udzu wakula ndipo mtanda wawo unagwa. Mayi Immaculata mudzawapeza ataima pomwepo ndi ana ndi makatoni awo, chifukwa tsiku limenelo ndi lomwe akutuluka ku Lavington, ndipo alibe kwina kokatula katundu. Mudzawerame, muike makiyiwo pamtumbira mayiwo akuona, kenaka muwayang'ane kumaso monga munawayang'anira pabwalo la tchalitchi paja, muwauzenso m'Chichewa chanu chokoma chija kuti zakuno akusiyireni inu.

Za kuchedwa musade nkhawa. A Edmund mudzawapeza. Sachoka.

Ndatha ine wanu wokugwirirani ambulera, mvula ikagwa kapena isagwe,

Jobe Chimphonda,
Mlembi wa Komiti ya Maliro ya Amalawi a mu Nairobi.